Kompyuta yanga ikumadzuka ili mu 2009, ndipo ndikufunanso kalendala ya pa desktop

Mlembi_Kamwala
Muli bwanji nonse pagulu pano. Ndili ndi kashopu kotaipa makalata, kusindikiza ndi kupanga fotokope kuno ku Kamwala, ndipo kompyuta yapatebulo imene ndimagwirira ntchito yandizunguza mutu. Malaiti akapita usiku, m'mawa ndikayatsa ndimapeza pakona pansi paja palembedwa 1 Januwale 2009, nthawi 00:00. Ndikakonza imayenda bwino mpaka madzulo, mawa lake zomwezo. Intaneti nayo imakana, Chrome imangolemba kuti "Your clock is behind". Lisiti la kasitomala wina latuluka ndi chaka cha 2009, bamboyo n'kuyamba kuseka kuti ndiye alipira ndi kwacha yakale ija isanachotsedwe maziro atatu.

Chachiwiri, ndikufuna kalendala yokhala pa desktop penipeni, yoti ndikangoyatsa ndiziyiona. Izindikumbutsa tsiku la lendi, la chilimba ndi maholide a kuno kwathu, koma isamafune bundle nthawi zonse. Ndili pa Windows 10. Amene mukudziwa thandizeni.

Kondakita_Chawama
Amayi, imeneyo yakalamba, gulitsani. Kalendala ili kale mu foni.

Mmisiri_Matero
Musagulitse amayi, vuto lanu ndi laling'ono kuposa onse amene amabwera pa benchi yanga. M'kati mwa bokosi la kompyutamo, pa motherboard, bolodi lalikulu limene zida zonse zalumikizidwapo, muli kabatire kozungulira kasiliva, dzina lake CR2032, ka mavolti 3. Kabatire kameneka ndi mlonda wa usiku: aliyense akapita kukagona, iko kamatsala kakuyendetsa wotchi ya m'kati ndi kusunga zimene munaika mu BIOS, kapulogalamu kamene kamayamba kudzuka Windows isanayake. Chingwe chikakhala pa soketi ndipo malaiti alipo, wotchiyo imadya magetsi a pakhoma ngakhale kompyuta ili yozima. Malaiti akapita, ntchito yonse imagwera pa kabatireko. Kanu kanatha, ndiye wotchi ikumabwerera pa tsiku limene fakitale inaikamo.

N'chifukwa chake kuyambira 2024, madzi atachepa ku Kariba n'kuyamba kukhala maola ambirimbiri opanda malaiti, makompyuta a vuto limeneli achuluka kwambiri. Mabatire ambiri anali atafooka kale, koma palibe ankadziwa chifukwa magetsi a pakhoma ankabisa.

Kusintha kwake: zulani chingwe pakhoma, dinani batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira atuluke, masulani chivundikiro cha m'mbali. Gwirani kaye chitsulo cha bokosilo musanalowetse dzanja. Kabatireko kamagwidwa ndi kachitsulo kakang'ono pambali, mukakakankha ndi chikhadabo kamadumpha kokha. Katsopano kalowe mbali yolembedwa + ili pamwamba. Mukayatsa lowani mu BIOS, makina ambiri ndi F2 kapena Delete, a HP ndi F10, ikani tsiku ndi nthawi, sungani. Basi.

Mlembi_Kamwala
Zikomo achimwene. Nanga intaneti ikukhudzana bwanji ndi kabatire?

Mmisiri_Matero
Mawebusaiti a masiku ano ali ndi satifiketi yokhala ndi tsiku loyambira ndi tsiku lothera. Kompyuta yanu ikamati lero ndi 2009, ikuona kuti satifiketi ya Gmail kapena ya banki sinayambe n'komwe kugwira ntchito, ndiye imakana kutsegula. Intaneti yanu ilibe mlandu.

MwanaWaKatete
Pogula muonetsetse nambala. Pali CR2025 ndi CR2016 zofanana nako m'mimba mwake koma zopyapyala, zimagwedera m'malo mwake. Okonza mawotchi ku Town Centre amakhala nazo, m'mafamase ndi m'masupamaketi namonso. Ndi komweko kamene kamalowa mu limoti ya makiyi a galimoto zambiri.

Namwino_Leeds
Ndiloleni ndilowerere pang'ono ngakhale si za kompyuta. Kakale kaja musakasiye patebulo, makamaka ngati pashopu pamabwera ana. Mwana akameza kabatire kotere kamatha kuwotcha kummero m'maola ochepa chabe, ngakhale kakuoneka kuti kanatha. Kakulungeni ndi tepi, mukataye kutali.

Kondakita_Chawama
Ine ndimati gulitsani, anthu abwera ndi opaleshoni yonse.

Akauntanti_Chelstone
Amayi a ku Kamwala, mukatsegula bokosilo n'kutseka, ntchito isathere pomwepo. Pali vuto lina la masiku limene silioneka msanga koma limadya ndalama za anthu. Makompyuta ambiri a salaula amene timagula kuno anachokera kunja, ndipo ena amabwera ataikidwa kalembedwe ka ku America, komwe mwezi umayamba, tsiku n'kutsatira. Inu mukalemba 03/04/2026 mukutanthauza 3 Epulo, Lachisanu Loyera la chaka chimenecho. Kompyutayo ikumva 4 Malichi.

Mu Excel ndi momwe zimapwetekera. Masiku onse kuyambira 1 mpaka 12 imawalandira mwakachetechete n'kuwatembenuza. Mukafika pa 13/04/2026 imasowa mwezi wa nambala 13, ndiye imangosunga ngati mawu wamba. Zotsatira zake, mu buku limodzi la ngongole theka la masiku ndi lotembenuka, theka lina si masiku n'komwe. Mukati musanje kuyambira wakale kufika watsopano, zimatuluka zosokonekera. Ndinapatsidwapo mabuku a kasitolo kena ka zomangira kuti ndiwakonze, mwini wake akuthamangitsa anthu ngongole zimene tsiku lake linali lisanakwane, pamene amene anapitirira miyezi akungoyenda mwaufulu.

Poyesa n'posavuta. Tsiku lenileni mu Excel limakhala kudzanja lamanja la kabokosi, lomwe yaliona ngati mawu limatsamira kumanzere. Pokonza, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani intl.cpl, pa Format sankhani English ya United Kingdom, muone kuti Short date ili dd/MM/yyyy. Pomwepo pa nthawi ikani HH:mm kuti izilemba 14:00 monga timanenera kuno, osati za AM ndi PM.

Ine pa malisiti ndimakonda mwezi ulembedwe m'mawu, 03 Apr 2026. Palibe angatsutse kukhoti.

Mphunzitsi_Mtendere
Izi n'zoona. Masiku obadwa a ana a m'kalasi mwanga anatembenuka chonchi pa ndandanda ya mayeso. Mwana wobadwa pa 5 Novembala anapezeka wabadwa pa 11 Meyi, makolo kubwera ndi kadi ya kusikelo m'manja.

Dalaivala_Kanyama
Funso langa ndi la time zone. Ndafufuza mndandanda wonse wa mu Windows, Lusaka mulibe. Nairobi ilipo, Cairo ilipo, Windhoek ilipo. Ife tinalakwa chiyani?

Mmisiri_Matero
Sankhani yolembedwa UTC+02:00 Harare, Pretoria. Ndi nthawi yathu yomweyo, Central Africa Time, yofanana ndi ya Malawi, Zimbabwe ndi Mozambique. Musasankhe Cairo kapena Athens poona kuti nazonso zalembedwa +02:00. Kumeneko amasuntha mawotchi ndi ola limodzi nyengo yotentha, tsiku lina mudzangodzuka wotchi yathamanga yokha. Kuno sitisuntha.

Penguin_Kalingalinga
Bwerani ku Linux akulu, Africa/Lusaka ilipo ndi dzina lake.

Dalaivala_Kanyama
Wayamba uja.

Penguin_Kalingalinga
Sindinayambe. Koma poti mwandiputa, tsegulani terminal ya Linux, windo lolembamo malamulo, mulembe cal, mwezi wonse uli poyera. Mulembe cal 2026, chaka chonse. Palibe bundle, palibe kulowa ndi imelo. Ndipo amene muli ndi Windows ndi Linux pa kompyuta imodzi n'kumadabwa kuti wotchi ikusiyana ndi maola awiri mukasintha, si kabatire ayi. Linux imasunga nthawi ya UTC, imene dziko lonse lapansi limawerengerapo, mu wotchi ya pa motherboard, Windows imasungamo nthawi ya kwanuko, ndiye zimalandana. Kuno kusiyana kwake ndi maola awiri ndendende. Mu Linux lembani timedatectl set-local-rtc 1, mkangano watha.

Agogo_Chilenje
Ana inu, ine ndinagwira ntchito ya ukalaliki kuyambira nthawi ya UNIP mpaka kupuma, ndipo sindinaphonyepo tsiku la malipiro a anthu. Kalendala inali ya pepala, yopachika pa msomali, bolopeni yofiira pambali. Mpaka lero ndimatenga ya kutchalitchi Disembala aliyense. Malaiti apite sabata yonse, iyo ili pompo. Mwana wanga wa ku Kamwala, gula kabatireko, koma lendi ndi chilimba lemba pakhoma.

Mlembi_Kamwala
Agogo, ya pakhoma ndili nayo, ya kusitolo ya penti. Vuto lake siilankhula. Pashopu pakadzaza ana a sukulu ofuna fotokope, wina akufuna CV, wina kalata ya ku kazembe, sindikweza maso kukhoma mpaka 17:00. Maso anga amakhala pa sikirini tsiku lonse, ndiye chondikumbutsa chibwere pomwepo.

Agogo_Chilenje
Ikamalankhula malaiti kulibe undiuze.

MwanaWaKatete
Agogo awina raundi imeneyi.

Mphunzitsi_Mtendere
Tibwerere ku funso lachiwiri la amayi. Pa Windows 10 mukadina wotchi ya pakona, kapena Windows ndi Alt ndi D pamodzi, kalendala ya mwezi imatuluka. Kale pansi pake munkatha kulembapo zochitika, chifukwa inkalumikizana ndi pulogalamu ya Mail and Calendar. Koma Microsoft inasiya pulogalamu imeneyo kumapeto kwa 2024 n'kuuza anthu asamukire ku Outlook yatsopano, yomwe imadalira kwambiri intaneti. Ndiye kwa inu amene mukuwerengera bundle, ine ndinganene ziwiri.

Yoyamba ndi Thunderbird. Ndi yaulere, anthu amaidziwa ngati ya maimelo koma ili ndi kalendala m'kati. Popanga kalendala yatsopano musankhe kuti ikhale pa kompyuta yanu, osati pa netiweki. Ikatero imagwira popanda intaneti, ndipo imatulutsa kabokosi kokukumbutsani ndi kaphokoso. Chofunika n'chakuti pulogalamuyo ikhale yotsegula.

Yachiwiri ndi Rainlendar, mtundu wake wa Lite ndi waulere. Imeneyi ndiye imakhala pa desktop penipeni monga mukufunira, mwezi wonse ukuoneka pakona, masiku okhala ndi zochitika ali ndi chizindikiro. Zonse ziwiri zimawerenga mafayilo a kalendala a .ics, kotero mukatopa ndi ina mutha kusamutsa zonse osalembanso.

Ine ndimagwiritsa Thunderbird chifukwa ya pa desktop imabisika ndikatsegula Word, ndipo Word ndiye imakhala yotsegula tsiku lonse.

Mmisiri_Matero
Ndiwonjezere apa aphunzitsi. Chilichonse mwa zimenezi muchitenge pa webusaiti ya eni ake. Musalole mnyamata wa flash disk akuikireni "kalendala yokongola" yosadziwika kochokera. Makompyuta ambiri amene ndimapukuta mavairasi analowera pa tinthu totere, tiwotchi ta maluwa ndi tikalendala tovina.

NaChisale_Garden
Ine ndimasowa kakalendala kachikasu kofiirira ka pa Windows 7 kaja, kokhala pambali ndi wotchi yozungulira. Kanali kokwana. Anakachotseranji?

Mmisiri_Matero
Ma gadget aja Microsoft yomwe inachenjeza mu 2012 kuti anthu awazime, chifukwa akuba a pa intaneti ankatha kulowera pamenepo. Kuyambira Windows 8 sanabwerenso. Alipo amene amawabwezeretsa ndi timapulogalamu tapadera, ine pa kompyuta yogwirira ntchito za makasitomala sindingaike.

Mlembi_Kamwala
Nanga maholide ndiwapeza kuti? Amabwera okha?

Mphunzitsi_Mtendere
Google Calendar ili ndi ya maholide a Zambia yongowonjezera, koma imeneyo ndi ya intaneti. Ine ndinangolemba ndekha kamodzi, si ambiri. Okhala pa tsiku lokhazikika ndi osavuta, mumangouza pulogalamu kuti ibwereze chaka chilichonse: 1 Januwale, 8 Malichi la amayi, 12 Malichi la achinyamata, 28 Epulo la Kenneth Kaunda, 1 Meyi la apantchito, 25 Meyi la ufulu wa Africa, 18 Okutobala la mapemphero, 24 Okutobala la ufulu wathu, ndi Khirisimasi.

Osuntha ndi amene amafuna nzeru. Farmers' Day ndi Lolemba loyamba la Ogasiti, Heroes' Day ndi Lolemba loyamba la Julayi, zimenezi pulogalamu imatha kuwerengera yokha mukasankha kubwereza kwa mtundu umenewo. Koma chenjerani ndi Unity Day. Ambiri amaika "Lachiwiri loyamba la Julayi", pamene lenileni ndi Lachiwiri lotsatira Heroes' Day. Zaka zambiri zimagwirizana, koma mu 2025 tsiku la 1 Julayi linali Lachiwiri. Heroes' Day inali pa 7, Unity Day pa 8. Amene anaika Lachiwiri loyamba, kompyuta inawauza kuti holide ndi pa 1 Julayi, sabata yathunthu isanakwane. Limeneli muzilemba ndi manja chaka ndi chaka. Mu 2026 ndi 6 ndi 7 Julayi.

Pasaka nayenso ndi wa manja, chifukwa amatsata mwezi wakumwamba. Mu 2026 Lachisanu Loyera ndi 3 Epulo, Lolemba la Pasaka ndi 6 Epulo.

Chinanso chimene pulogalamu singadziwe yokha: holide ikagwa Lamlungu, Lolemba lake timapuma. Mu 2026 zichitika pa 8 Malichi ndi pa 18 Okutobala, onsewa ndi Malamlungu.

Dalaivala_Kanyama
Ndipo 24 Okutobala yagwa Loweruka. Tabedwa.

Akauntanti_Chelstone
Muikenso 13 Ogasiti. Malamulo a dziko amati chisankho chachikulu chizichitika Lachinayi lachiwiri la Ogasiti pakatha zaka zisanu zilizonse. Mu 2021 linali pa 12, mu 2026 ndi pa 13.

Admin_Gulu
Tsiku lokha ndilololedwa. Amene ayambe za zipani ndimuchotsa.

MwanaWaKatete
Aphunzitsi mwaiwala masiku enieni. Loweruka lomaliza la Ogasiti, Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Limenelo pa kompyuta yanga ndinaliika lofiira, ndipo chikumbutso chimalira mwezi wathunthu lisanafike kuti ndiyambe kusunga ya basi. Mukachedwa, pa Intercity mipando ya ku Katete ndi Chipata imakhala yatha.

Ngoni_wa_Mandevu
Nanga Nc'wala? Loweruka lomaliza la Febuluwale ku Mtenguleni. Achewa mumangodzikumbukira nokha.

MwanaWaKatete
Ikani pa kompyuta yanu malume, ya ine ndi ya ine.

BanaMwila_Kabwata
Ine ndine Mubemba wokwatiwa kwanu, ndimangowerenga mwakachetechete. Funso langa ndi limodzi: nyengo ya mbewa mwaiika pa tsiku liti, kuti ndidziwe pobisa mapoto anga?

Ngoni_wa_Mandevu
Ikangotha ya anyani, mbuya.

Admin_Gulu
Chimbuya chikathere ku maliro ndi ku maukwati. Tibwerere ku makalendala.

Shopu_ya_Lumumba
Poti tikukamba zosintha tsiku, ine ndili ndi funso lina. Mnzanga anandiuza kuti pulogalamu ya masiku 30 oyesera ikatsala pang'ono kutha, umangobweza tsiku la kompyuta m'mbuyo, imapitiriza. Komanso kasitomala akafuna invoice ya mwezi watha, ndi momwemo. Zimatheka?

Akauntanti_Chelstone
Achimwene, za invoice zisiyeni. Kulemba tsiku labodza pa chikalata cha malonda ndi mlandu, ndipo amene adzafunsidwe ndi inu, osati kasitomala amene anakupemphaniyo. Komanso musaganize kuti wotchi ya pakona ndi mboni yokhayo. Imelo imene munatumizira ili ndi nthawi ya seva, mobile money ili ndi nthawi yake, nambala za malisiti zili ndi mndandanda wake. Lisiti nambala 212 likakhala la Malichi pamene 211 ndi la Epulo, wofufuza mabuku safunika kukhala wanzeru kwambiri.

Mmisiri_Matero
Za pulogalamu nazonso ndi nzeru za kale. Ambiri masiku ano amafunsa nthawi ku seva yawo, ena akaona kuti wotchi yabwerera amadzitseka pomwepo. Pamwamba pa apo mubweretsa dala matenda amene amayi a ku Kamwala akudandaula nawo: mawebusaiti kukana, antivirus kulephera kulandira zatsopano, mafayilo kusungidwa ndi masiku olakwika.

Shopu_ya_Lumumba
Ndimangofunsira mnzanga.

Kondakita_Chawama
Tonse timafunsira anzathu.

Mlembi_Kamwala
Kabatire ndagula ndipo mwana wa achemwali anga wandiikira monga munanenera. Malaiti anapita usiku, m'mawa tsiku lili bwinobwino. Kalembedwe kanalidi ka ku America, ndasintha. Koma makalata onse amene ndinasunga masiku ovutawo akuoneka kuti ndi a 2009, ndikasanja ndi tsiku amathawira pansi penipeni pa foda. Ndiwabweza bwanji?

Mmisiri_Matero
Tsiku limene fayilo inadindidwa silisintha lokha. Njira yachidule, tsegulani iliyonse, sinthani kanthu kakang'ono n'kusunganso, itenga tsiku la lero pa Date modified. Ngati ndi ambiri, asiyeni, muwafufuze ndi dzina. Ndipo lowani mu Settings, Time & Language, muyatse Set time automatically, mudine Sync now kamodzi muli pa intaneti. Wotchi ya pa motherboard imataya timasekondi pang'onopang'ono, ndiye Windows imaikonza pofunsa ku time.windows.com. Zimenezi sizidya bundle yoti n'kuidandaula.

Akauntanti_Chelstone
Chizolowezi chimene chingakupulumutseni mtsogolo: dzina la fayilo liziyamba ndi tsiku, chaka poyamba, kenako mwezi, kenako tsiku. Mwachitsanzo 2026-02-09 kalata ya lendi. Mukasanja ndi dzina zimadzindandalika zokha mwa nthawi yake, kabatire kafe kasafe.

Ndipo ngati muli ndi wantchito pashopu, mu kalendala yanu yatsopanoyo muike pa 10 mwezi uliwonse, ndilo tsiku lomaliza lolipira msonkho wa PAYE ndi ndalama za penshoni za NAPSA za mwezi wapitawo. A VAT lawo ndi pa 18. Chikumbutso muchiike masiku atatu m'mbuyo, osati pa tsiku lenilenilo, chifukwa tsiku lomaliza aliyense amakhala ali pa webusaiti yomweyo ndipo malaiti sadziwa kuti lero ndi pa 10.

NaChisale_Garden
A Akauntanti, ine ndimasunga buku la village banking ya amayi a kumpingo. Kuwerenga kuti munthu wakhala ndi ngongole masiku angati ndimachita kuloza pa kalendala ndi chala. Pali njira ina?

Akauntanti_Chelstone
Ilipo, ndipo ili kale pa kompyuta yanu. Tsegulani Calculator ya Windows, dinani timizere titatu pakona ya pamwamba, sankhani Date calculation. Muika tsiku loyamba ndi lomaliza, ikuuzani masiku apakati. Ithanso kukuuzani kuti masiku 90 kuchokera lero likhala tsiku liti.

Mu Excel n'kosavuta koposa, chifukwa kwa iyo tsiku ndi nambala chabe. Imayamba kuwerenga pa 1 Januwale 1900 ngati 1, ndipo 1 Januwale 2024 ndi 45292. N'chifukwa chake nthawi zina kabokosi ka tsiku kamasanduka nambala ya zikwi makumi anayi ndi kanthu, anthu n'kumati fayilo yawonongeka, pamene ndi Format yokha yasintha. Ndiye ngati tsiku lobwereka lili mu B2, lembani =TODAY()-B2 mupeza masiku amene apita. Dziwani kuti TODAY imafunsa wotchi ya kompyuta yanu. Pa kompyuta ya amayi a ku Kamwala sabata yatha ikanakuuzani kuti anthu sanabwereke n'komwe. Mukafuna tsiku la lero lokhazikika, losasintha mawa, dinani Ctrl ndi semicolon.

Owerengera masiku a ntchito, pali NETWORKDAYS, imachotsa Loweruka ndi Lamlungu ndiponso maholide amene mwailembera. Amene mumagwira Loweruka gwiritsani NETWORKDAYS.INTL ndi nambala 11, imachotsa Lamlungu lokha.

Penguin_Kalingalinga
Muwauzenso kuti Excel yanuyo imakhulupirira kuti kunali 29 Febuluwale 1900, tsiku limene silinakhaleko. Anatengera dala cholakwika cha pulogalamu yakale ya Lotus 1-2-3 kuti mafayilo azigwirizana, mpaka lero chilipo.

Mphunzitsi_Mtendere
Apa mwana wa Linux wanena zoona. Lamulo lake ndi ili: chaka chogawika ndi 4 chimakhala ndi 29 Febuluwale, kupatula zaka zothera ndi maziro awiri, zomwe zimafunika kugawika ndi 400. Ndiye 2000 inali nalo, 1900 inalibe, 2100 idzakhala ilibe. Lomaliza tinali nalo mu 2024, tsiku lomwe a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi ya dziko lonse. Lotsatira ndi mu 2028.

Penguin_Kalingalinga
Ndipo amene ali ndi Linux kapena Mac alembe cal 9 1752 aone zodabwitsa. Pa 2 Seputembala pakutsatira 14. Masiku 11 kulibe. Ndi pamene Britain inasiya kalendala yakale ya Julius Caesar n'kulowa ya Papa Gregory XIII, yomwe maiko a Chikatolika anali atayamba kale mu 1582.

Kondakita_Chawama
Lendi ya mwezi umenewo analipira yonse?

Agogo_Chilenje
Funso la nzeru loyamba kuchokera kwa iwe.

Namwino_Leeds
Pempho langa kwa abale amene muli ndi ana kunja kuno. Mu Windows muli malo oika mawotchi ena awiri, pa Additional clocks. Ikani ya London, mukaloza pa wotchi ya pakona muziona nthawi zonse ziwiri. Kuno amasuntha wotchi Lamlungu lomaliza la Malichi ndi Lamlungu lomaliza la Okutobala. Kuyambira Epulo mpaka Okutobala Lusaka imatsogola ndi ola limodzi, miyezi yozizira kuno imatsogola ndi awiri. Amalume anga amaimba 07:00 ya kwanuko kuti andipatse moni ndisanapite kuntchito, kuno ili 05:00, ine ndangogona kumene kuchokera ku shifiti ya usiku.

Ngoni_wa_Mandevu
Amalume akamaimba 07:00 si moni ayi, mwezi watha.

Dalaivala_Kanyama
Ine mwana anandiikira Windows 11 pa laputopu. Ndikadina wotchi pamatuluka mauthenga, kalendala yake yabisala pansi. Ndibwerere ku 10?

Mmisiri_Matero
Musabwerere. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndiye amene muli kale pa 11 khalani pomwepo. Dinani Windows ndi N, pafupi ndi tsiku pali kamuvi, mukakadina mwezi wonse umatambasuka. Amayi a ku Kamwala, inunso nkhani imeneyi ikukukhudzani, ngakhale kompyuta yobwerera ku 2009 ndikukayika ngati ingalandire 11. Imeneyo tidzakambe pa ulusi wina.

Za malaputopu ndinene pang'ono, poti ena ayesa kutsegula okha. Ambiri kabatire kawo ndi kokutidwa ndi pulasitiki, kali ndi tiwaya tiwiri ndi kapulagi, ndipo kamakhala pansi pa kiyibodi kapena kuseri kwa motherboard. Ena alibiretu, amadalira batire lalikulu. Imeneyo musaitsegule ndi mpeni wa kukhitchini.

Penguin_Kalingalinga
Yobwerera ku 2009 ija Linux Mint ingayende bwinobwino.

Admin_Gulu
Chenjezo loyamba.

NaChisale_Garden
Ndayesa Thunderbird ija, ndi yabwino. Koma gulu lathu limasonkha pa 30 mwezi uliwonse. Ndaika kuti izibwereza, ndikayang'ana Febuluwale palibe chilichonse. Ndalakwitsa pati?

Mphunzitsi_Mtendere
Simunalakwitse amayi, Febuluwale alibe 30, ndiye pulogalamu yangomudumpha. Google Calendar imachitanso chimodzimodzi mukaika pa 31, miyezi ya masiku 30 imaisiya. Outlook yakale ija ndiye imakuchenjezani n'kuika pa tsiku lomaliza la mweziwo. Pobwereza sankhani "tsiku lomaliza la mwezi" ngati gulu lanu lingavomere, apo ayi Febuluwale mumulembere chake payekha pa 28.

Akauntanti_Chelstone
Ndipo zimenezo zilembedwe m'malamulo a gulu, osati mu kompyuta mokha. Ndaonapo amayi akukangana mpaka kufuna kuitana abusa, wina akuti chindapusa chiyambe pa 1 Malichi, wina akuti pa 30 sipanafike ndiye sanachedwe.

NaChisale_Garden
Ameneyo tili naye. Ndikamuuza Lamlungu tikaweruka.

Kondakita_Chawama
Mundipatse dzina la pulogalamu yodumpha Febuluwale ija, ndikawaikire a landilodi.